Kulumikiza alamu ku mapaki a pikapu osawotcha mawaya

Sabata yatha kunabwera Hilux yakale ya dizilo, mwini wake ndi bambo wina amene amanyamula mbatatesi ndi kabichi ku Tsangano kupita nazo ku Blantyre, nde nthawi zambiri amagona pa Ntcheu boma galimoto ili panja ndi katundu wake yense. Anagula alamu mtauni, wina wake n'kuwaikira, sailini ikulira bwinobwino koma akadina rimoti mapaki, timagetsi tating'ono ta kutsogolo ndi kumbuyo tija, osaphethira olo pang'ono, komanso chiikireni alamuyo magetsi a mudashibodi anafa, usiku akumayenda osaona ndi sipidi yomwe. Nditachotsa chipulasitiki cha pansi pa chiwongolero ndinapeza waya wa alamu atamumangirira pa waya wa dima, kabatani kochepetsa kuwala kwa mudashibodi kaja, ndipo dimayo inali itapsa. Zinandiwawa chifukwa bamboyu ndalama analipira, ndipo vuto lonseli likanapewedwa ndi mphindi zisanu zoyeza waya asanamusende. Nde ndati ndilembe mmene ine ndimachitira ntchito imeneyi, kuti amene muli ndi mapikapu kuno kwathu muzitha kupanga nokha, kapena mukapereka kwa munthu muzidziwa zomwe akuchita pansi pa dashibodi yanu.

Ena amati bola sailini ikulira, za magetsizo n'zongokongoletsa. Ayi ndithu. Imani pa Lizulu tsiku la msika, mawenzulo akulira, minibasi zikuimba hutala, anyamata akuitanira tomato, kalikonse ka "pyu pyu" ka alamu simungakamve, chomwe chimakuuzani kuti galimoto yakhomeka ndi kuphethira kwa magetsi basi. Komanso usiku pamene magalimoto agona ambiri malo amodzi, alamu ikalira mlonda amathamangira yomwe ikuphethirayo, osati kumayamba kufufuza kuti phokoso likuchokera kuti.

Musanagwire chilichonse sonkhanitsani zida. Chachikulu ndi mita yoyezera magetsi, multimeter ija, olo yotchipa ndi yokwana bola izitha kuwerenga DC 20V. Katesita ka babu kaja ndi kabwino pa magalimoto akale koma kamanama, kamayaka pa waya aliyense amene ali ndi kamphamvu ndipo sikakuuzani ngati ndi mavoti 12 kapena 7, nde ine pa ntchito iyi ndimakasiya m'bokosi. Mufunikanso rileyi, kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi kaja, ya miyendo isanu ya 12V yolembedwa 30A kapena 40A pamodzi ndi soketi yake, fyuzi ya 10A ndi kanyumba kake, fyuzi ina ya 5A yoyesera, waya wa 1.5mm mamita atatu kapena anayi, dayodi ya 1N4007 yomwe mungaipeze kwa anyamata okonza mawailesi ndi ma TV, sipanala ya 10, pulayazi, sikuludiraiva, kampeni, choyotchera ndi mtovu wake, tepi yabwino, timalamba tomangira mawaya, ndi singano imodzi ya kwa telala. Singanoyo musaiseke, muiona ntchito yake.

Poyambira penipeni ndi pepala lomwe linabwera m'bokosi la alamu

Anthu ambiri amataya pepalali pamodzi ndi katoni, pamene ndi lomwe likuuzani kuti waya wa magetsi ndi uti komanso amatulutsa chiyani. Pa maalamu ambiri wofiira ndi wa moto wosathima, wakuda ndi ethi, wopita ku chitsulo cha bodi kapena ku negetivi ya batire, koma kupitirira apo mitundu imasiyana malinga ndi amene anapanga. Alipo maalamu a waya m'modzi wa magetsi, kawirikawiri woyera, amene anapangidwira mapaki. Aliponso ambiri a ku China amene adzadza m'mashopu athu, awa amakhala ndi mawaya awiri ofanana mtundu aliyense ndi fyuzi yake, amene anapangidwira maindiketa, wina kumanja wina kumanzere. Ngati yanu ndi ya mawaya awiri ndipo inu mukufuna iziphethiritsa mapaki, tengani m'modzi yekha, winayo mumupinde n'kumukulunga tepi bwinobwino kuti asakhudze chitsulo. Ndipo ngati yanu ndi ya waya m'modzi musayerekeze kumumangirira ku maindiketa a mbali zonse ziwiri, chifukwa mwawaphatikiza basi, tsiku lomwe mudzapatse indiketa yokhotera kumanja pa Chingeni adzayaka onse anayi ngati mahazadi ndipo wakumbuyo sadzadziwa komwe mukulowera.

Funso lofunika kuposa mtundu wa waya ndi ili: alamu ikamaphethira, waya ameneyu amatulutsa pozitivi kapena negetivi? Pepala likalemba chizindikiro cha + ndi 10A ndiye kuti m'kati mwa alamu muli karileyi kake ndipo imatulutsa moto wa 12V wotha kuyatsa mababu. Likalemba chizindikiro cha - ndi 200mA ndiye kuti imangopereka ethi yofooka, yokwana kukoka rileyi basi, mukaipatsa mababu imapsa pompo. Ena ali ndi kajampa kapena kafyuzi kosuntha m'kati kosankhira pozitivi kapena negetivi. Ngati pepala linatayika, lumikizani wofiira ndi wakuda ku batire pa tebulo, mita pa 20V, chingwe chakuda cha mita pa negetivi ya batire, chofiira pa waya mukumuganizirayo, dinani rimoti. Mita ikadumpha kufika cha m'ma 12 n'kubwerera ndiye kuti ndi pozitivi. Ikapanda kusuntha tembenuzani, chofiira cha mita pa pozitivi ya batire, chakuda pa wayayo, dinaninso, ikadumpha apa ndiye kuti ndi negetivi. Lembani penapake musaiwale.

Tsopano ku galimoto. Ziwiri izi ndikupemphani muzisunge. Choyamba, waya aliyense wokutidwa ndi chikasu kapena pulagi yachikasu pansi pa chiwongolero ndi za airbag, musabaye singano, musayeze, musakoke. Chachiwiri, poyeza batire likhale lolumikizidwa, koma mukafika posenda ndi kulumikiza chotsani teminolo ya negetivi ndi sipanala ya 10 ija, ndipo ngati galimoto ili ndi airbag dikirani kaye mphindi ziwiri musanalowetse manja. Amene muli ndi wailesi zija zobwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, dziwani kuti zina mukachotsa batire zimafuna kodi kapena kakhadi kake kuti ziyakenso, nde onani kaye ngati muli nazo.

Kusaka waya wa mapaki

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse, musathamange. Malo oyang'ana alipo atatu: pa pulagi ya swichi ya magetsi pa chiwongolero, yomwe pa mapikapu a ku Japan imakhala ku dzanja lamanja pamodzi ndi indiketa, pa bokosi la mafyuzi la m'kabini, ndi kuseri kwa babu la paki kutsogolo mukatsegula boneti. Ine ndimayamba ndi bokosi la mafyuzi, ndimayang'ana pa chivindikiro pomwe palembedwa TAIL, chifukwa mapaki akutsogolo, akumbuyo, a pa nambala puleti ndi a mudashibodi pa mapikapu ambiri akale amadyera fyuzi imodzi yomweyo.

Yesani kaye mita yanu pa batire, iwerenge cha m'ma 12.4 mpaka 12.6 injini ili chozima. Kenako chingwe chakuda chimangeni pa bawuti yomwe yagwira chitsulo cha bodi, yopanda penti ndi dzimbiri, ndipo mutsimikize kuti ethi imeneyi ndi yeniyeni pogunda chofiira pa fyuzi yomwe mukudziwa kuti ili ndi moto. Ambiri amasokonekera pomwepa, amagwiritsa bawuti yomwe yamangidwa pa pulasitiki n'kumadabwa kuti mawaya onse akuwerenga ziro.

Tengani singano ija, ilowetseni kuseri kwa pulagi pambali pa waya mpaka ikhudze kachitsulo ka m'kati, osaboola waya ayi, kenako gundani chingwe chofiira pa singanoyo. Kiyi akhale m'thumba mwanu. Waya wa mapaki wa pozitivi amachita chonchi: swichi ili chozima mita iwerenga ziro, mukapotokola kamodzi kufika pa mapaki iwerenga cha m'ma 12, mukapotokolanso kufika pa mahedilaiti ikhalabe pa 12. Musakondwe msanga. Mapaki ali chiyakire, zunguzani dima uku ndi uku maso ali pa mita, nambala ikangosintha olo pang'ono, kuchoka pa 12 kupita pa 9 kapena kuchoka pa 2 kupita pa 6, ameneyo si iye, ndi wa dima, musiyeni. Ndi waya yemweyu anapha dashibodi ya bambo uja. Kenako pondani buleki, patsani indiketa, tsegulani chitseko, mita isasunthe. Pa ma Toyota ambiri waya ameneyu ndimamupeza wobiriwira, koma ndakuuzani izi kuti mudziwe poyambira kuyang'ana basi, mtolo womwewo umakhala ndi obiriwira angapo, komanso mapikapu athuwa adutsa m'manja ambiri, ena anawotchekapo n'kulumikizidwa ndi waya wa m'nyumba, nde mtundu si umboni.

Pali mtundu wina womwe umasokoneza anthu kwambiri makamaka pa swichi za Toyota. Swichi yake sinyamula moto wa mababu, imangopereka ethi ku rileyi ya fakitale, rileyiyo ndi yomwe imayatsa mababu. Waya wotere amachita zosemphana: swichi ili chozima mita iwerenga cha m'ma 12, mukayatsa mapaki imagwa kufika pafupi ndi ziro. Mukaona chonchi mwapeza waya wa negetivi. Ndi wabwino kwambiri ngati alamu yanu imatulutsa negetivi, koma ndi woopsa ngati imatulutsa pozitivi, chifukwa tsiku lomwe swichi ili choyatsa ndipo alamu yaphethira, moto wa batire upita molunjika ku ethi kudzera m'timizere topyapyala ta m'swichi, fyuzi ikachedwa kuduka swichi yapita.

Ngati pansi pa dashibodi pakukuvutani, pitani kuseri kwa babu la paki lakutsogolo. Pamenepo pali mawaya awiri okha, wina ndi ethi wina ndi moto, simungasochere. Chovuta chake n'choti muyenera kudutsitsa waya kuchokera m'kabini kupita ku injini, nde mudutsitse pa labala pomwe mtolo wa fakitale wadutsa, osati pa bowo la chitsulo chosatchinga, chifukwa ndi kugwedezeka kwa misewu yathu ya kumunda chitsulocho chimacheka waya pang'onopang'ono mpaka shoti.

Mukamupeza, mutsimikizeni komaliza musanasende. Pa galimoto yakale yopanda kompyuta ya magetsi, tengani chidutswa cha waya chokhala ndi fyuzi ya 5A, mbali ina pa pozitivi ya batire, mbali inayo gundani pa singano kwa kamphindi, mnzanu ali panja akuyang'ana. Ayake onse: awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, ndi pa nambala puleti. Ngati ndi waya wa negetivi, chidutswacho chichokere ku ethi, mumva rileyi ikuti "tha" ndipo mapaki ayaka. Akayaka a mbali imodzi yokha ndiye kuti galimoto yanu inagawa kumanja ndi kumanzere, mbali iliyonse ndi fyuzi yake, monga amachitira magalimoto ambiri a ku Ulaya, za izi ndinena kutsogoloku.

Za rileyi, ndi chifukwa chomwe ine sindimaisiya

Tiwerengere limodzi. Babu la paki lakutsogolo ndi 5W, awiri 10W. Kumbuyo kuli mababu a mafilamenti awiri olembedwa 21/5W, ya 21 ndi ya buleki, ya 5 ndi ya paki, awiri 10W. Pa nambala puleti tinene kuti awiri a 5W, 10W inanso. Zonse 30W, kugawa ndi mavoti 12 tikupeza ma amp 2.5, kuphatikizapo timababu ta mudashibodi mwina kufika atatu kapena kupitirira pang'ono. Alamu ya 10A ikhoza kunyamula zimenezi popanda vuto. Koma ndi pikapu iti kuno kwathu yomwe idakali mmene inachokera ku fakitale? Wina anawonjezera magetsi m'mbali mwa zitsulo za kubodi, wina pamwamba pa kabini, wina amakoka ngolo, zonsezo anazimangirira pa waya wa mapaki. Komanso kumbuyo kwa pikapu ndi komwe mawaya amavulala, matumba a mbatatesi akugwera pa malaiti, matope a nthawi ya dzinja, ndiye tsiku lomwe kuchitike shoti kumeneko ndi bwino ipse fyuzi kapena rileyi yotchipa kusiyana ndi ubongo wa alamu. N'chifukwa chake ine ndimaika rileyi nthawi zonse, kupatula pa njira imodzi yomwe nditchule.

Tembenuzani rileyi muone manambala pafupi ndi miyendo yake. 85 ndi 86 ndi koyilo, yomwe ikalandira moto imakoka. 30 ndi mwendo wofunika kwambiri pa nkhani yonse, rileyi ikakhala chete 30 amagwirana ndi 87a, ikakoka 30 amasiya 87a n'kugwirana ndi 87. Mukamvetsa izi zokha zotsalazo n'zophweka.

Alamu ya pozitivi, galimoto ya pozitivi: waya wa alamu pa 86, 85 ku ethi, 30 ku moto wosathima kudzera pa fyuzi ya 10A, 87 ku waya wa mapaki uja mwamupeza.

Alamu ya negetivi, galimoto ya pozitivi, yomwe ndimakumana nayo kawirikawiri: moto wa pa fyuzi ya 10A upite pa 30, mudumphitse kachidutswa kuchoka pomwepo kupita pa 86, waya wa alamu pa 85, 87 ku waya wa mapaki. Alamu ikapereka ethi yake yofooka ija koyilo imakoka, ntchito yolemera imagwiridwa ndi rileyi.

Alamu ya negetivi ndipo mwapeza waya wa negetivi pa swichi: apa ndi pokhapo pomwe ndimalumikiza molunjika, chifukwa rileyi ilipo kale ya fakitale, alamu ikungochita zomwe swichi imachita.

Alamu ya pozitivi koma waya mwamupeza ndi wa negetivi: waya wa alamu pa 86, 85 ku ethi, 30 nayenso ku ethi, 87 ku waya wa pa swichi. Apa rileyi ikutembenuza pozitivi kukhala negetivi, ndipo fyuzi ya 10A ija simuifuna chifukwa palibe moto wa batire womwe ukudutsa pa 30.

Dayodi ya 1N4007 ija imakhala chopingasa pakati pa 85 ndi 86, mbali yomwe ili ndi kamzere kotuwa iyang'ane ku 86, komwe kuli pozitivi. Ntchito yake ndi yoti koyilo ikamasiya kukoka imabweza kamphamvu kakakulu kwa kanthawi kochepa, ndipo kamphamvu kameneka ndi komwe kamapha katiranzisita ka m'alamu za negetivi pang'onopang'ono, dayodi imakameza. Mukaitembenuza mwapanga shoti, nde yang'anani kawiri. Marileyi ena amabwera ndi dayodi m'kati kale, muona pa chithunzi chomwe chajambulidwa pambali pake, otero musasinthanitse 85 ndi 86.

Nanga 87a? Nthawi zambiri amangokhala, koma mumutchinge asakhudze kanthu, chifukwa pa njira ziwiri zoyamba zija amakhala ndi moto nthawi yonse yomwe rileyi ili chete. Amagwira ntchito pamene simukufuna kuti moto wa alamu ubwerere ku swichi kapena ku kabokosi ka galimoto. Pamenepo mumadula waya wa mapaki pakati, mbali yochokera ku swichi pa 87a, mbali yopita ku mababu pa 30, moto wa pa fyuzi pa 87. Masiku onse mapaki amayaka kudzera pa 87a ndi 30 ngati palibe chomwe chasintha, alamu ikaphethira rileyi imachotsa swichi pa mzere n'kudyetsa mababu yokha. Kungoti njira iyi imafuna soketi yogwira bwino, chifukwa ikakhwepa muli pa Khwekhwerere usiku malaiti akumbuyo athima inu osadziwa.

Amene galimoto yanu inagawa kumanja ndi kumanzere, njira yosavuta kukumbukira ndi marileyi awiri, makoyilo awo onse akokedwe ndi waya m'modzi wa alamu ya pozitivi, 87 wa iyi kumanja, 87 wa inayo kumanzere. Ena amaika madayodi awiri a 6A kuchokera pa 87 m'modzi, timizere take titayang'ana ku mababu, zimathekanso, kungoti dayodi imadya pafupifupi 0.7V nde kuwala kumachepako pang'ono. 1N4007 musaiike pamenepa, ndi ya amp imodzi yokha, itentha n'kupsa.

Moto wosathima utengeni ku batire kwenikweni kapena pa waya wonenepa wa pa swichi ya kiyi amene amawerenga 12 kiyi atachotsedwa. Fyuzi ikhale kufupi ndi komwe mwatenga motoko, kutalika kwa chikhatho basi, chifukwa fyuzi imateteza waya yemwe ali kutsogolo kwake, mukaiika kumapeto ndiye kuti mamita awiri onsewo ali pa mbalambanda. Ndipo chonde abale anga, fyuzi ikapsa gulani ina ya nambala yomweyo, zomanga ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya ndi zomwe zimayatsa magalimoto.

Kulumikiza kwenikweni

Negetivi ya batire yachotsedwa eti? Sendani waya wa galimoto pafupifupi sentimita imodzi ndi theka osadula timawaya ta m'kati, kampeni kazungulire pang'onopang'ono malo awiri kenako n'kung'amba chikopa pakati. Ndi singano ija patulani timawayato pakati kuti pakhale kabowo, lowetsani waya wanu, mukulungeni mozungulira kanayi kapena kasanu, finyani ndi pulayazi, kenako wotcherani. Tenthetsani waya osati mtovu, mtovu usungunuke wokha n'kulowa m'kati, ukangokhala ngati dontho pamwamba ndiye kuti sunagwire. Magetsi akathima ine ndimagwiritsa choyotchera chachitsulo chija chotenthetsa pa mbaula, chimagwira bwinobwino, kungoti mbaulayo ikhale patali ndi galimoto. Zongopotokola n'kukulunga tepi zimagwira mwezi umodzi kapena iwiri, kenako chinyezi cha nkhungu ya kuno chimalowa, waya amachita zobiriwira, mapaki amayamba kuphethira tsiku lina n'kukana tsiku lina.

Tepi gulani yabwino. Yotchipa imauma ndi kuzizira kwa mu June ndi July, ikafika October guluu wake amasungunuka n'kumasuka yokha. Kulungani molimba mukuikoka, kenako mangani kalamba pamwamba pake kuti isamasuke. Ethi ya rileyi ikhale ndi kamphete kake pa bawuti ya chitsulo chopalidwa, osati waya wongopanikizidwa pansi pa sikuluu ya pulasitiki.

Rileyi ndi ubongo wa alamu zimangeni m'mwamba kuseri kwa dashibodi, miyendo ya rileyi iyang'ane pansi kuti madzi asadikhe m'kati. Pansi pa kabini ya pikapu pamanyowa, nsapato za matope, otsuka galimoto ndi ndowa, nde chilichonse chomwe chili pansi sichikhalitsa. Kukhala m'mwamba kumathandizanso kuti wakuba asangopisa dzanja n'kuzula. Mukamaliza pondani kilachi, buleki ndi akisileta mpaka pansi, zunguzani chiwongolero mbali zonse, muone kuti palibe waya yemwe akukhudzidwa kapena kukokeka.

Musabwezeretse mapulasitiki musanayese. Bwezani negetivi ya batire, sailini mwina ilira, ithimitseni ndi rimoti. Tsekani zitseko windo limodzi lili chotsegula ndipo kiyi ali m'thumba, chifukwa maalamu ena amakhoma okha. Dinani kukhoma, mnzanu kutsogolo inu kumbuyo, muone kuti onse aphethira ndipo athima. Dinani kutsegula. Kenako khomani, dikirani pang'ono, tsegulani chitseko ndi dzanja kudzera pa windo kuti alamu ilire, mapaki aziphethira nthawi yonse yomwe ikulira, gwirani rileyi ndi mawaya muone ngati pali chomwe chikutentha. Mukatero yatsani mapaki ndi swichi, mahedilaiti, buleki, indiketa iliyonse, mahazadi, rivesi, zonse zichite monga kale. Magetsi a mudashibodi akamaphethira limodzi ndi mapaki musadandaule, ali pa mzere umodzi, ndi mmene ziyenera kukhalira.

Kuyesa komaliza komwe ambiri amadumpha ndi kuona ngati pali chomwe chikudya batire galimoto itagona. Chingwe chofiira cha mita chisunthireni pa bowo la 10A, mita pa 10A, chotsani negetivi ya batire, mita ikhale pakati pa teminolo ndi mutu wa batire, zitseko zotseka, kiyi kunja, ndipo musalize injini mita ili pamenepo. Dikirani mphindi zingapo. Pa pikapu yakale iwerenge pansi pa 0.05. Ikawerenga zoposa apo, makamaka mapaki ali chiyakire, ndiye kuti mwina koyilo ya rileyi ikukoka nthawi yonse, mwalakwitsa mawaya opita pa 85 ndi 86 kapena kajampa ka m'alamu kali mbali yolakwika. Izi si zazing'ono, mapaki a ma amp 2.5 aja akagona chiyakire maola 10 adya 25Ah, ndipo dizilo m'mawa wa ku Dedza imafuna mahita ndi sitata yamphamvu, batire lotere silingaidzutse. Mukamaliza bwezani chingwe cha mita pa bowo la mavoti musanaiwale.

Amene muli ndi zatsopanozi, Ford Ranger ya kuyambira 2011 kapena Hilux ya kuyambira 2015 ndi zinzake, samalani kwambiri. Pa zambiri mwa izi swichi imangotumiza uthenga ku kompyuta ya bodi, kompyutayo ndi yomwe imayatsa magetsi, nde mawaya a pa swichi amawerenga manambala achilendo monga 5 kapena 2.5 ndipo ndi opyapyala ngati ulusi. Mukaona mawaya awiri opotana okhaokha ngati chingwe, amenewo ndi a mauthenga a kompyuta, musawapatse moto kapena ethi, ndipo kuyesa kwa fyuzi ya 5A kuja musakuchite pa swichi. Pa zoterezi ine ndimagwira ku mababu pogwiritsa njira ya 87a, kapena ndimalangiza mwini wake agule alamu yopangidwira galimoto yakeyo, chifukwa mtengo wa kompyuta ya bodi ndi maulendo angapo a mbatatesi.

Zikavuta pambuyo pake yambani ndi khutu. Dinani rimoti mutayandikira rileyi. Ngati sikulira "tha", vuto lili ku mbali ya 85 ndi 86, ethi yosagwira kapena fyuzi ya pa waya wa alamu. Ngati ikulira koma mapaki osayaka, yezani pa 30 muone ngati moto ulipo. Mapaki akangoyaka osathima mutangobweza batire, onani ngati simunaike waya pa 87a m'malo mwa 87, miyendo iwiriyi imayandikana. Fyuzi ikamapsa nthawi iliyonse alamu ikaphethira, pitani kumbuyo kwa bodi mukaone mawaya a pa nambala puleti ndi a soketi ya ngolo, kawirikawiri shoti imakhala kumeneko ndipo inalipo kale alamu isanabwere.

Ya bambo uja inali alamu ya pozitivi ya mawaya awiri, nde ndinatenga m'modzi kupita pa 86, waya wa mapaki ndinamupeza pa mtolo wotuluka pa bokosi la mafyuzi, rileyi ndinaimanga pa chitsulo cha kuseri kwa dashibodi. Poyesa tinapezanso kuti babu lakumbuyo lakumanzere filamenti ya 5W inali itaduka, buleki yokha ndi yomwe imayaka, tinasintha. Dima yopsayo sindinaipeze pano, ndangoidumphitsa kaye kuti dashibodi iziwala ndi mphamvu yonse, iwo ati akaifunafuna kwa ophwasula magalimoto ku Blantyre ulendo uno, akabwera nayo n'kungochotsa kachidutswa kaja n'kulowetsa pulagi.